Gardd, gård ndi garður: liwu la mpanda lomwe linaoloka nyanja

M'Chiwelshi, chinenero cha anthu a ku Wales, liwu lakuti gardd limatanthauza dimba la maluwa kapena la ndiwo zamasamba. Ku Iceland dimba lotere amati garður, pomwe ku Sweden, Denmark ndi Norway liwu lakuti gård limatanthauza famu pamodzi ndi nyumba zake, kapenanso bwalo la pakhomo. Kufanana kumeneku n'kodabwitsa poti Chiwelshi chili m'banja la zinenero za Chikeliti, pomwe zinazo zili m'banja la Chijeremani.

Gwero la mawu onsewa ndi garðr, liwu la Chinorse chakale chomwe ankalankhula a Viking. Poyamba linkatanthauza mpanda weniweniwo, kenako linayamba kuimira malo otchingidwa ndi mpandawo. Apa m'pomwe matanthauzo anagawikana: ena anatenga dimba, ena bwalo, ena khomo lonse la mlimi. Chilembo cha ð chimatchulidwa mofanana ndi dd wa Chiwelshi, choncho gardd anasunga kamvekedwe kakale komwe gård anataya.

Akatswiri ambiri a zinenero amati Awelshi anabwereka liwuli kwa a Viking, omwe ankafika m'magombe a Wales kuyambira zaka za m'ma 800. Mbiri ya nthawiyo imakamba kwambiri za nkhondo. M'chaka cha 856 mfumu Rhodri Mawr inagonjetsa ndi kupha mtsogoleri wa a Viking, ndipo mu 999 a Viking anapha bishopu wa ku St Davids. Komabe liwu la dimba silingalowe m'chinenero cha eni nthaka kudzera m'lupanga lokha. Limasonyeza kuti panali kugulitsana malonda ndi kukhalirana pafupi, zomwe zinthu zakale zofukulidwa ku Llanbedrgoch pa chilumba cha Anglesey zimachitiranso umboni. Dzina la tauni ya Fishguard nalonso linachokera ku Chinorse, ndipo limatanthauza mpanda wogwirira nsomba, ngati biyo. Eni ake tauniyi amaitcha Abergwaun.

Litalowa m'Chiwelshi, liwuli linatsata malamulo a chinenerocho. Madimba ambiri amati gerddi, ndipo akamanena dimba lodziwika kale chilembo choyamba chimagwa, n'kukhala yr ardd. Lero lili m'dzina la Gardd Fotaneg Genedlaethol Cymru, dimba la zomera la dziko la Wales lomwe linatsegulidwa mu 2000.

Kumpoto kwa Ulaya liwuli linafika patali. M'nthano za Chinorse, Ásgarðr ndi mudzi wa milungu ndipo Miðgarðr ndi dziko la anthu, "mpanda wapakati". Mzinda wa Constantinople, womwe lero ndi Istanbul, a Viking ankautcha Miklagarðr, kutanthauza mudzi waukulu. Dzina la katswiri wa maganizo akuya wa ku Denmark, Søren Kierkegaard, lili ndi liwu lomweli m'kalembedwe kakale ka aa, komwe Denmark inasintha kukhala å mu 1948.

Liwuli lili ndi abale m'zinenero zina: yard ndi garden m'Chingerezi, hortus m'Chilatini, ndiponso garth, liwu lenileni la Chiwelshi lotanthauza malo otchingidwa. Ndiye kuti Awelshi anabwereka kwa alendo liwu lomwe mbale wake anali naye kale pakhomo.