Utsi wa Moto Wolusa Ukalowa Mumzinda: Kuopsa Kwake pa Umoyo wa Munthu

Tikamva za moto wolusa, ambiri timaganiza za tchire lomwe limapsa kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, anyamata akamasaka mbewa. Utsi wake timaudziwa bwino: umatsokomoletsa, umatulutsa misozi, kenaka mphepo imauchotsa. Koma moto wotere ukachoka kutchire n'kulowa m'malo okhala anthu, chomwe chimapsa si udzu ndi mitengo yokha ayi. Zimapsa nyumba, magalimoto, mapaipi a pulasitiki, penti, matiresi, mabatire ndi mawaya a magetsi. Utsi wa zinthu zimenezi ndi wa mtundu wina, ndipo poizoni wake satha tsiku lomwe moto wazima.

Chitsanzo cha Los Angeles

Pa 7 Januwale 2025, mphepo yamkuntho youma yotchedwa Santa Ana idakoleza moto m'mapiri ozungulira mzinda wa Los Angeles ku America. Moto wina udasesa dera la Pacific Palisades, wina, womwe adautcha Eaton, udasesa Altadena. Nyumba ndi zomanga zina zoposa 16,000 zidapsa. Tchalitchi cha Katolika cha parishi ya Corpus Christi ku Pacific Palisades chidapseratu, ngakhale kuti patapita masiku ozimitsa moto adapeza tabernakulo ili yosawonongeka pakati pa zibuma.

Anthu omwe adawerengedwa kuti adafa ndi motowo ndi pafupifupi 30. Koma kafukufuku yemwe adasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu Ogasiti 2025 adayerekeza imfa za m'boma la Los Angeles m'masabata amenewo ndi za zaka zam'mbuyo, ndipo adapeza kuti imfa zidachuluka ndi pafupifupi 440. Ofufuzawo adaloza chala ku utsi komanso kusokonekera kwa chithandizo cha odwala. Apa ndi pomwe pagona nkhani: ambiri mwa anthu amenewa lawi la moto silidawakhudze n'komwe.

Muli chiyani mu utsiwu?

Choyamba ndi tizidutswa ta mwaye tomwe akatswiri amatitcha PM2.5. N'tating'ono kwambiri, moti makulidwe a tsitsi limodzi amatiposa pafupifupi ka 30. Mphuno siingathe kutisefa. Timalowa mpaka kunsi kwa mapapo, ndipo tina timadutsa n'kulowa m'magazi. N'chifukwa chake utsi sumangodzutsa chifuwa cha mphumu chokha. Umathanso kuyambitsa matenda a mtima ndi kufa ziwalo mwa anthu omwe anali kale ofooka.

Tizidutswa timeneti timapezeka mu utsi uliwonse, ngakhale wa nkhuni kukhitchini. Kusiyana kwake n'kwakuti mzinda ukamapsa, timanyamula zitsulo zapoizoni. Nyumba zambiri za ku Altadena zidamangidwa chisanafike chaka cha 1978, pomwe dziko la America lidaletsa penti ya m'nyumba yokhala ndi mtovu. Makina oyeza mpweya omwe adali pa mtunda wa makilomita oposa 20 kuchokera pa moto wa Eaton adaonetsa kuti kwa masiku angapo mtovu wa mumpweya udakwera kuposa ka 100. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo madokotala amati palibe mulingo wake womwe tinganene kuti ndi wabwino m'magazi a mwana. Nyumba zakale zimakhalanso ndi asibesitosi, yemwe ulusi wake ukakhazikika m'mapapo ungathe kubweretsa khansa patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Mapulasitiki akamapsa amatulutsa mipweya monga benzene ndi hydrogen cyanide, kuphatikizapo carbon monoxide, uja amapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka.

Moto ukazima

Phulusa ndilo limatsala ndi zambiri mwa zinthuzi. Tauni ya Lahaina ku Hawaii itapsa mu Ogasiti 2023, pomwe anthu pafupifupi 100 adafa, a zaumoyo adapeza arsenic ndi mtovu wambiri m'phulusa. Ku Colorado, moto wa Marshall utapsereza nyumba zoposa 1,000 pa 30 Disembala 2021, anthu ena omwe nyumba zawo zidapulumuka ankadandaulabe za mutu, kukhosi ndi maso patapita miyezi isanu ndi umodzi, popeza makoma, mipando ndi makatani zidamwerera utsi n'kumautulutsa pang'onopang'ono. Ngakhale madzi akumpope sapulumuka: ku Paradise, California, moto wa 2018 utadutsa, m'mapaipi mudapezeka benzene.

Omwe ali pachiopsezo chachikulu ndi ana, amayi oyembekezera, okalamba, ndi odwala mtima kapena mapapo. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, amasewera pansi, ndipo manja ake sachedwa kupita kukamwa.

Kodi zikutikhudza bwanji kuno?

Nyumba zathu zambiri n'za njerwa, ndipo moto wa kutchire sumeza tauni yonse monga ku California. Komabe misika yathu imapsa kawirikawiri, ndipo m'menemo mumakhala mapulasitiki, penti, matayala, mankhwala a mbewu ndi mabatire a sola, omwe ambiri mwa iwo ali ndi mtovu. Ndaonapo anthu, ana ali pamsana, ataima pafupi kuonerera moto wotere, ndipo m'mawa mwake ana akufukula phulusa ndi manja kufunafuna zitsulo zogulitsa.

Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati akumbutse akhristu kuti moto ukabuka, yemwe sakuthandiza kuzimitsa achoke, apite mbali yomwe mphepo ikuchokera. Nsalu yonyowa kapena masiki ya nsalu imangotchinga zinyalala zikuluzikulu. Masiki ya N95 imasefa tizidutswa ta mwaye koma mipweya ija imadutsabe. Wina akamabanika, akamamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, apite naye kuchipatala msanga, osadikira kuti kuche.

Pochotsa zotsalira, phulusa liyambe lathiridwa madzi kuti lisauluke, ogwira ntchito avale nsapato ndi magolovesi, ndipo zovala zawo zichapidwe pazokha. Phulusa la nyumba kapena sitolo yopsa lisathiridwe m'dimba, lisatsukire mapoto, ndipo lisachezedwe chidulo monga timachitira ndi phulusa la nkhuni.