Lupanga la Mfumu Arthur M'mapiri a Wicklow

John Boorman ankalakalaka kujambula nthano ya Mfumu Arthur kuyambira m'ma 1960, koma kampani ya United Artists inamupatsa The Lord of the Rings, ntchito imene inafera m'mazira chifukwa chokwera mtengo. Mu 1980 anabwerera ku buku la Thomas Malory, losindikizidwa mu 1485, n'kujambula Excalibur ku Ireland: ku Ardmore Studios, ku Cahir Castle ndi m'mapiri a Wicklow, mvula ikuvumba mosalekeza. Terry English anasula zovala zankhondo ndi aluminiyamu kuti zipepuke.

Filimuyi itatuluka mu 1981, inatsegulira khomo azisudzo a ku Ireland monga Liam Neeson ndi Gabriel Byrne. Neil Jordan, yemwe anathandiza pantchitoyi, anatulutsa filimu yake yoyamba, Angel, mu 1982.