Chigiriki Chinafika Bwanji pa Mtunthama?

Anzanga, mukamadutsa pa Mtunthama, munayamba mwadzifunsapo kuti Chigiriki chikutani pakati pa minda ya fodya? Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy mu 1981, pafupi ndi mtengo wa kachere umene ankaphunzirirapo ali mwana, ndipo analamula kuti ana onse pasukulupo aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Koma Agirikiwo ankakangana zotani?

Mu 399 BC, bwalo la anthu pafupifupi 500 mumzinda wa Athens linaweruza kuti Socrates afe pomwa poizoni. Ankamuimba mlandu wonyoza milungu ndi kusocheretsa achinyamata, chonsecho mkuluyu ntchito yake inali kufunsa anthu mafunso pamsika basi. Wophunzira wake Plato zinamuwawa. M'buku lake la Republic anaphunzitsa kuti chigulu sichingayendetse dziko, pamafunika wolamulira wanzeru zakuya, ndipo alakatuli osokoneza anthu azithamangitsidwa. Aristotle, yemwe anaphunzira kwa Plato, anaona zina: nzika ndi munthu amene amalamula komanso kulamulidwa mosinthana, ndipo lamulo liyenera kukhala pamwamba pa munthu.

Tabwerani kwathu kuno. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Anali dokotala wophunzira kwambiri, anamanga misewu, sukulu ndi zipatala. Koma mu 1987 mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, mpaka 1991. Mwaona pamene maganizo a Plato amaterera? Wanzeruyo akalakwitsa, amudzudzula ndani?

Pa 8 March 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula boma. Pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa referendamu: nyali kapena tambala wakuda. Nyali ya zipani zambiri inapambana, ngakhale kuti m'chigawo chathu chapakati ambiri anasankha tambala. Pachisankho cha pa 17 May 1994 Kamuzu anagonja kwa Bakili Muluzi ndipo anavomereza.

Komatu tisadzitame msanga. Socrates sanaphedwe ndi mfumu ayi, anaphedwa ndi voti. Kuchuluka si kulondola. Ndiponso demokalase ya ku Athens inkasiya kunja amayi, akapolo ndi obwera. Nanga ifeyo tasiya ndani? Taganizirani za aganyu ndi mabanja amene akhala akugwira ntchito m'maesiteti a fodya kuno ku Kasungu. Amavota, inde, koma mawu awo amamveka pabwalo liti?

Tiyambire mu kalabu yathu yomwe ino. Wapampando amafunsidwa za ndalama osakwiya? Atsikana amalankhula mpaka kumaliza? Nthawi ikakwana, timasinthana mipando? Mutu umodzi susenza denga. Funsaniko agogo anu kuti mu 1993 anasankha chiyani, ndipo chifukwa chiyani, mudzatiuze tikakumananso.