Kutumiza phukusi kwa mwana amene ayembekezela makolo a kunja

Banja la kunja likalembetsa kuti litenge mwana wa ku Zambia, nthawi zina limapempha munthu wa mumpingo kuti aligulile tuzinthu ku Kamwala ndi kukapeleka kumene mwanayo asungidwa. Musanavomele, abale ndi alongo, dziwani izi.

Zimene lamulo linena

Kucokela pa 1 October 2015, Zambia itsatila pangano la ku Hague la 1993 lokhudza kutenga ana kupita nao ku maiko ena. Kuno kwathu lamulo lake ndi Children's Code Act No. 12 ya 2022, ndipo nkhanizi ziyendetsedwa ndi a Social Welfare. Ndime 29 ya panganoli iletsa banja lofuna mwana kulumikizana ndi makolo omubala kapena omusunga, kufikila zitatsimikizika kuti mwanayo angatengedwe ndiponso kuti ovomela avomela mosakakamizidwa. Ndime 32 iletsa kupezelapo phindu losayenela. Motelo mphatso yopelekedwa kumbali ingaoneke ngati ciphuphu ndi kuononga nkhani yonse. Yambani mwafunsa kwa a Social Welfare amene agwila nkhani ya mwanayo.

Zoika m'phukusi

Cofunika koposa ndi kabuku ka zithunzi zoonetsa nkhope za a m'banjalo ndi nyumba yao, maina atalembedwa pansi. Mwana amene wazolowela nkhopezo sacita mantha kwambili tsiku lokumana nao. Onjezelani kabulangete, zovala zokulilapo pang'ono, ndi kakalata m'cilankhulo cimene mwanayo amva. Kumbukilaninso anzake: cidole ca mwana mmodzi cimabweletsa nsanje, koma sopo, matewela ndi mpila zithandiza onse.

Zosaika

Ndalama, foni, mankhwala, ndi zidole za tuzidutswa tumene khanda lingameze.

Kapelekedwe

Kugula konkuno kumapewetsa mtengo wa positi ndi msonkho wa ZRA umene katundu wocokela kunja angalipilitsidwe. Lembani mndandanda wa zinthu pa mapepala awili. Wolandila asaine, pepala limodzi mutenge.

Samalani pakamwa

Khoti lisanagamule, mwanayo sali wa banjalo, ndipo wacibale angapezeke kuno komwe, pakuti pangano lifuna kuti banja la m'dziko muno liyambe kuganizilidwa. Musamuuze tsiku lonyamuka, ndipo musaike zithunzi zake pa Facebook kapena WhatsApp. Mwana amene anasiyidwapo kale sayenela kulonjezedwa cinthu cimene cingalepheleke.