Nsanja Zisanu za ku Zhaoxing

Kumwera kwa dziko la China, m'mapiri a chigawo cha Guizhou, kuli mudzi wa Zhaoxing, umodzi mwa midzi ikuluikulu ya anthu a mtundu wa Dong. Pakati pa nyumba zake zamatabwa paima nsanja zisanu za ng'oma, fuko lililonse ndi yakeyake. Nsanjazi zimamangidwa popanda msomali ngakhale umodzi: mmisiri amaboola mtengo n'kulowetsamo unzake mpaka zonse zitagwirana. Pansi pa nsanja amasonkhapo moto, ndipo mpomwe akuluakulu amakambirana za mudzi. Kale, ng'oma ya pamwamba ikalira, aliyense ankadziwa kuti akuitanidwa kubwalo.

M'nthawi ya chipwirikiti cha ndale chotchedwa Cultural Revolution, kuyambira 1966 mpaka 1976, nsanjazi zinagwetsedwa. M'zaka za m'ma 1980 eni mudzi anazimanganso. Tingadabwe kuti anatha bwanji, popeza chinenero chawo chinapatsidwa zilembo mu 1958 momwemu. Amisiri sankadalira mapulani a papepala. Miyeso ankaiika pa timitengo ta nsungwi, ndipo luso ankalilandira kwa amene anawaphunzitsa. Mbiri ya makolo nayo inasungidwa m'nyimbo zoimbidwa ndi gulu popanda zoimbira, zomwe UNESCO inazilemba pa mndandanda wake mu 2009.

Lero achinyamata ambiri amapita kumizinda kukafuna ntchito, pomwe alendo akudzaza mudziwo ndi makamera. Mbiriyi yationetsa kuti nsanja yogwa imadzukanso mmisiri akakhalapo. Chotidetsa nkhawa n'chakuti mmisiriyo angadzamwalire asanapeze mwana womusiyira nsungwi zake.