Senegal ndi Gambia: Abale Olekanitsidwa ndi Malire

M'caka ca 1889 Angelezi ndi Afalansa analemba malire kugombe la kumadzulo kwa Afirika, nasiya Gambia ali ngati lilime m'kamwa mwa Senegal. Malirewo anadula pakati mitundu ya Wolof ndi Mandinka, abale nakhala a maiko awiri.

M'1981 asilikali a Senegal anathandiza Pulezidenti Jawara wa Gambia kugonjetsa oukira boma, ndipo m'1982 maikowa analowa m'cigwirizano cochedwa Senegambia. Koma Gambia, pokhala wamng'ono, anaopa kumezedwa. Cotero cigwirizanoco cinatha m'1989.

Ubale wokha sunathe ai. M'2019 anatsegula ulalo pa mtsinje wa Gambia pafupi ndi Farafenni, pamene kale amalonda anali kugonera masiku, kulindira ngalawa yowaolotsa. Cimene mapangano a atsogoleri analephera kulumikiza, ulalo unayamba kucilumikiza.