Momwe anthu a magulu otsika akwerera pa ulamuliro m'midzi ya ku India

Kwa zaka mazanamazana, munthu wa kumudzi ku India ankabadwira m'gulu lomwe linkaneneratu ntchito imene adzagwire, yemwe adzakwatirane naye, ngakhalenso chitsime chomwe adzatungepo madzi. Dongosolo limeneli limatchedwa caste. Pansi penipeni panali anthu omwe lero amadzitcha Dalit, amene ankaonedwa ngati odetsedwa moti ena sankafuna ngakhale kuwakhudza. Pamwamba pawo pang'ono panali alimi, abusa a ziweto ndi amisiri, monga a Yadav ndi a Kurmi, omwe boma limawaika m'gulu la Other Backward Classes, mwachidule OBC.

Kusintha kudayamba ndi malamulo oyendetsera dziko a 1950. Komiti yolemba malamulowo idatsogozedwa ndi B. R. Ambedkar, yemwenso adali Dalit. Gawo 17 lidathetsa mchitidwe wosala anthuwa, ndipo munthu aliyense wamkulu adapatsidwa ufulu wovota. Popeza magulu otsikawa akaphatikizana ndi ochuluka kwambiri, voti idasanduka chida chawo chachikulu. Kalembera wa 2011 adapeza kuti a Dalit okha ndi anthu pafupifupi 17 mwa 100 alionse.

Nkhani ya minda idapindulira ena, ena ayi. M'zaka za m'ma 1950, maboma a zigawo adathetsa ulamuliro wa eni minda akuluakulu otchedwa zamindar. Alimi ambiri a magulu apakati omwe ankalima pa minda ya lendi adakhala eni malo, pomwe a Dalit ochuluka adakhalabe aganyu m'minda ya anzawo.

Mu 1990, boma la nduna yaikulu V. P. Singh lidatsatira malangizo a bungwe la Mandal Commission posungira a OBC ntchito 27 mwa 100 zilizonse za m'boma lalikulu. Padabuka zionetsero zoopsa, koma khoti lalikulu la dzikolo lidavomereza ganizoli mu 1992. Nthawi yomweyi atsogoleri ochokera m'magulu otsika adayamba kulamulira zigawo zikuluzikulu. Mulayam Singh Yadav adatenga chigawo cha Uttar Pradesh mu 1989, ndipo Lalu Prasad Yadav adatenga Bihar mu 1990. Mayawati, mayi wachi-Dalit wa chipani cha Bahujan Samaj Party chomwe Kanshi Ram adayambitsa mu 1984, adakhala mtsogoleri wa Uttar Pradesh koyamba mu 1995.

Kumudzi kwenikweni, chomwe chidagwedeza zinthu ndi kusintha kwa malamulo kwa 1992 komwe kudapatsa mphamvu makhonsolo a m'midzi otchedwa panchayat. Mipando ina, kuphatikizapo ya wapampando, idasungidwira a Dalit molingana ndi chiwerengero chawo m'deralo, ndipo mpando umodzi mwa itatu uliwonse udasungidwira amayi. Motero mwana wa waganyu adayamba kukhala ndi mawu pa nkhani za misewu, mijigo ndi ntchito zachitukuko.

Komatu mpando sudabwere ndi mtendere. Mu 1997, m'mudzi wa Melavalavu ku Tamil Nadu, wapampando wachi-Dalit, Murugesan, adaphedwa pamodzi ndi anzake angapo chifukwa chopambana chisankho. Izi zidachitika ngakhale kuti lamulo lolanga nkhanza zochitira a Dalit lidalipo kale kuyambira 1989. M'midzi ina wosankhidwayo amangokhala chikwangwani, zigamulo zikumachokera kwa mwini minda. Ndiponso kawirikawiri omwe amalimbana ndi a Dalit masiku ano ndi a magulu apakati aja amene adapeza malo.

Mkangano wa tsopano wagona pa chiwerengero. Kafukufuku wa boma la Bihar wa 2023 adapeza kuti magulu otsalira m'mbuyo ndi anthu 63 mwa 100 alionse m'chigawocho, ndipo zipani zidayamba kufuna kuti gawo lawo la ntchito ndi malo a m'sukulu likwezedwe. Voti yatsegula khomo la ulamuliro, koma funso la yemwe ali ndi munda likadalipo.